Tsiku Loika Abambo, Chingwe Chawo Chili mu Nswadzi

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena kuti ndinadzuka n'kungonena chabe, chifukwa ndinagona chokhala, msana utatsamira khoma, mwana ali kubere. M'nyumba ya siwa munali mutadzaza amayi, ena atagona mopingasana pamphasa, ena akusinza nyimbo ili pakamwa. Pakati pathu panali abambo anga, atafunditsidwa nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kunja kunkagwa mvumbi, mvula yosakalipa koma yosaleka. Amuna amene anachezera pamoto anali atathawira m'khonde ndi pansi pa nkhokwe.

Mudzi wathu unali pamalo a mzungu, kumunsi kwa minda ya tiyi, moyang'anana ndi mtsinje wa Nswadzi. Makolo anga anachokera kudziko la Apwitikizi ine ndili kumsana, ndipo monga Alomwe anzathu onse, malo okhalawo tinkalipira ndi thangata. Masana abambo ankapalira tiyi. Madzulo ankatsikira kumtsinje kukatchera milamba, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inali yawoyawo. Matenda sanachedwe nawo. Anabwera kuchokera kumtsinje madzulo ena akunjenjemera, atagwira m'nthiti, nagona osadya. Tinathamanga ndi mankhwala uku ndi uku, koma pa tsiku lachitatu anatisiya.

M'bandakucha umenewo amayi anga anandigwira mkono. Chiyambire maliro anali asanalankhule ndi munthu, ankangolira m'Chilomwe, mawu mpaka kusasa. Anandikokera pafupi nanong'ona.

"Chingwe cha abambo ako chili m'madzi."

Madzulo amene abambo anadwala aja anali atangotchera kumene, ndipo ndi chipwirikiti cha matenda palibe amene anakumbukira.

Kwathu munthu saikidwa m'manda msampha wake uli chitcherere. Akakhala wa diwa, anthu amakaligwetsa. Akakhala wa mono, amakauvuula. Wa mbedza amakazichotsa m'madzi, n'kuziika m'manda pamodzi ndi mwini wake. Akuluakulu ankati ukamuika osatero, mtima wake umatsala komweko, ndipo usiku uliwonse amadzuka kukawonjola, osapuma. Ambiri ankachita mwambowo poopa mzimu. Amayi sankaopa. Chimene chinkawapweteka chinali kuganiza kuti mwamuna wawo, amene anafa akunjenjemera, aziima m'madzi ozizira usiku ndi usiku popanda womukolezera moto.

Kutayamba kuyera ndinapereka mwana kwa mlamu wanga n'kutuluka. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atazika timitengo n'kufolera ndi masamba a nthochi kuti moto usazime. Kalongonda, nyemba yathu ya Chilomwe, anali pamoto chiyambire dzulo, akumukhetsa madzi n'kuthiranso ena, ndipo atsikana ankasenda chinangwa atanjata m'mbali mwa khola. Nkhuni zinali zonyowa. Utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi n'kulowa anthu m'maso.

Amalume ndinawapeza m'khonde. Iwo ndiwo ankayendetsa maliro, popeza abale a abambo onse anatsala kwa Apwitikizi. Nditawauza, anagwira pachibwano.

"Mwana wa malemu sachoka pamaliro," anatero. "Ndipo sakhudza madzi a kumtsinje mtembo usanaikidwe. Zimenezi ukuzidziwa."

"Ndiye tumani wodziwa pamene chingwecho chili, amalume."

Pakamwa panga sipanayambe lero kufulumira. Amalume anandiyang'ana ndi diso lofiira. Abambo ankabisa potchera chifukwa cha akuba nsomba. Ankasinthasintha maiwe, ndipo chingwe ankachimangirira kumizu, pansi pa madzi, moti munthu akanatha kuima pamwamba pake osachiona. Ana awo aamuna onse anafa ali aang'ono. Amene anakula akuwanyamulira nyambo ndinali ine, ndipo ngakhale nditakwatiwa ankandiuzabe dziwe limene atchera, ngati munthu wosungitsa chinthu.

Kudikira mawa sikukanatheka. Mtembo unali utagona kale mokwanira, komanso nyengo ya mvula ndi imene tiyi amaphuka kwambiri. Kapitawo anali atanena dzulo lake kuti anthu awalola kufikira chitsulo cha masana cha kufakitale ya tiyi chikalira, kenako aliyense kumunda. Amalume anaitana mdzukulu wamkulu, amene ankatsogolera okumba manda, namuuza kuti apite nane, tibwere dzuwa lisanafike pamutu.

Mdzukuluyo anali nkhalamba yowonda, ya mano awiri akutsogolo, yodziwika ndi pakamwa. Adzukulu amaloledwa kunena chilichonse pamaliro, ndipo iyeyu ufulu umenewo sankausiya kunyumba. Tikudutsa m'mizere ya tiyi, mame ndi mvula zikutinyowetsa mpaka m'chiuno, ankangodandaula kuti malemu anali munthu wovuta ali moyo, ndipo atafa akuvutabe. Anati anthu ena amasiya mbuzi, uyu wasiya ntchito. Sindinaseke, koma sindinakwiyenso. Mawu ake ankandithandiza kuti miyendo iziyenda.

Mtsinje tinaumva tisanauone. Mvula inali itagwa yambiri kumtunda, ndipo Nswadzi anali wofiira, atameza miyala yonse imene amayi ankachapirapo. Zinyalala ndi makuku a nthochi zinkadutsa zikuzungulira. Ndinatsogola kutsika mpaka padziwe limene lili pansi pa mkuyu waukulu, moyang'anana ndi nsungwi za kutsidya. Pamenepo ndinaima, chifukwa pamuzu wina panali chikho chawo cha nyambo, chitadzaza madzi a mvula.

Chingwe chimenechi ndinachidziwa chisanalowe m'madzi. Amayi ndiwo anapota khonje lake pantchafu, chilimwe chonse, mpaka khungu kusupuka. Abambo anachinyika m'makungwa kuti chide, nsomba ndi akuba asachione. Mbedza ankasula okha ndi waya wa mabokosi a tiyi, iliyonse n'kuimangirira kukachingwe kake kotalika ngati mkono, motalikirana mkwamba umodzi kuti zisakolane. Apa ndi apo ankamangirira mwala, chifukwa mlamba umadyera pansi, m'matope. Pofika pamtsinje mbedza zinkakhala zitabayidwa paphesi la chimanga. Ine ndinkakhala pamtunda, n'kumazula imodziimodzi, kuika nyongolotsi kapena kachule, n'kumatula chingwe pang'onopang'ono. Iwo ankawoloka nsonga ili kumano, madzi ali m'chifuwa, n'kukamanga kutsidya. Ndikatula mofulumira ankakalipa osatembenuka. Akamanga ankakoka chingwe kawiri kuti ndidziwe kuti zatheka.

Ndinamanga nsalu yanga molimba n'kulowa m'madzi. Pamuzu umene ankamangirirapo madzi ankakhala a m'mawondo, koma tsikulo madzi anandifika m'mabere. Ndinagwira nthambi ndi dzanja limodzi, linalo n'kumafufuza pansi. Ndinakhudza matope, ndinakhudza nkhanu, kenako zala zanga zinapeza mfundo. Inali mfundo yawo, yopinda kawiri n'kubwerera mkati. Ndinalira pomwepo, nkhope ili pafupi ndi madzi.

Nditamasula ndinakwera pamuzu n'kuyamba kukoka, mdzukulu akukulunga pambuyo panga. Mbedza yoyamba inatuluka yopanda kanthu. Yachiwiri inali ndi mutu wa mlamba wokha, thupi nkhanu zitadya. Zotsatira zinabwera ndi udzu ndi tizitsotso. Kenako chingwe chinagwedezeka m'manja mwanga, ndipo panatuluka mlamba wamoyo, wakuda, wautali ngati mwendo wa mwana, ndevu zake zikuyendayenda. Mdzukulu anaugwira kumutu mopewa minga, naumenya pamuzu.

"Za pamaliro n'za adzukulu," anatero, akuubaya ndi kamtengo m'makha. "Malemu wandilipira yekha."

Ndinakokabe mpaka chingwe chinakana. Chinali chitawongoka kuchokera m'manja mwanga kukafika kunsungwi za kutsidya, chikunjenjemera ndi mphamvu ya madzi. Tinakoka tonse awiri. Tinachikulunga kunthambi n'kukokanso mpaka khonje linandidula m'zikhatho. Mfundo ya abambo sinkamasuka ndi kukoka, ndipo ine ndinkadziwa bwino, chifukwa anandiphunzitsa okha. Ukaikoka imalimba.

Ndinayang'ana kutsidya. Sipanali patali. Chilimwe ndinkawoloka pamenepo mtsuko uli pamutu. Ndinayamba kulowanso m'madzi nditagwira chingwe, ndi maganizo oti ndizitsata chomwecho mpaka kukafika. Ndisanapite patali madzi anandinyamula miyendo. Mdzukulu anandigwira nsalu kumbuyo n'kundikokera kumizu, mphamvu zake sindikudziwa anazitenga kuti.

"Iwe mwana wa msodzi, manda ndakumba amodzi," anatero. "Achiwiri sindikumba lero. Mwana uja akayamwa kwa yani?"

Ndinamuuza kuti tizungulire kumtunda, pamene pali mtengo wowolokera. Anandiyankha kuti mtengowo unapita ndi madzi dzana, n'chifukwa chake anthu a kutsidya sanabwere kumaliro. Tili mkati mokangana, chitsa chachikulu chinatulukira pokhota, chikubwera molunjika chingwe. Chikanakola, chingwe chonse chikanapita, ndi ife tomwe. Anandipatsa mpeni wake. Ndinatambasula dzanja mpaka pamene ndikanafika, n'kudula.

Mbali ya kutsidya inakwapula madzi n'kutsetsereka kumunsi, ikadali yomangirira kunsungwi. Ndinaona kachingwe ka mbedza kamodzi kakutuluka, n'kumiranso. Zimene zinatsala kumeneko sizinali zambiri, koma zinali m'madzi, ndipo nyambo mwina zinali zikadalipo.

Pobwerera mdzukulu sanachitenso nthabwala. Tikuyandikira mudzi anandiuza motsitsa mawu kuti chingwe chokulunga palibe amene amachiyeza. Anati ndingonena kuti chatuluka, iye avomereza, amayi agone. Ndinkafuna kutero, ndipo njira yonse yotsala ndinkayesa mawuwo mumtima.

Tinapeza anthu atachuluka. Panjira yolowera m'mudzi anali ataikapo masamba, ndipo aliyense wofika ankayambira pomwepo kulira. Ena anachokera ku Nchilamwela, ena ku Bvumbwe, atayenda m'matope chiyambire usiku. Othyola tiyi anabwera ndi madengu awo kumsana, nawandanditsa pansi pa mango kuti chitsulo chikalira angonyamula. Panali bambo wina wa Chisilamu wa kasitolo ka pamsewu, amene abambo ankamupatsa milamba yowamba kuti awagulitsire. Anavula nsapato nakhala pamwala payekha, mvula ikumugwera pachisoti. Panalinso akhristu opembedza Loweruka, amene mlamba sauika m'kamwa ndipo ankakonda kuwalalikira abambo za nsomba yopanda mamba. Iwowo ndiwo anaimba kwambiri tsikulo. Kapitawo anaima kumapeto kwa bwalo ndi ambulera, osalowa pagulu, osachokanso.

Anthu atandiona ndili chinyowere, chingwe chili paphewa, anapatuka. Ndinalowa m'nyumba n'kugwada pamaso pa amayi. Amalume analowa pambuyo panga.

"Chatuluka?" anafunsa amalume.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anali atatenga kale chingwecho. Anachiika pamiyendo n'kuyamba kuchiyendetsa m'zala, mkwamba ndi mkwamba, akulambalala mbedza osayang'ana. Anachipota okha, ankadziwa pamene analumikiza khonje latsopano ndi pamene chingwe chinayenera kuthera. Atafika kunsonga anaima. Anapapasa podulapo ndi chala chachikulu, ulusi uli nyankhalala.

"Madzi achuluka, amayi," ndinatero. "Kutsidya sindinafike. Ndadula."

Amayi ena anayang'ana pansi. Amalume anatsokomola, nagwada pafupi ndi mutu wa abambo, n'kulankhula nawo monga timalankhulira ndi munthu amene wagona. Anati alamu, chingwe chanu ndi ichi, mwana wanu wachita zimene akanatha, chotsalacho ndi cha mtsinje, musachitsatire. Anati madzi akaphwa tidzakachotsa. Onse anavomera ndi kung'ung'udza. Amayi anakulunga chingwe bwinobwino, mbedza n'kuzibaya paphesi limene wina anawapatsa, nachiika pachifuwa pa abambo, mkati mwa nsalu.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anatenga dzanja langa, naona pamene khonje linandidula, nang'amba kansanza pansalu yawo n'kundimanga.

Adzukulu anakulunga mtembo m'mphasa n'kuuika pachithatha. Potuluka pakhomo kulira kunakwera mpaka agalu anathawa. Njira ya kumanda inkadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, n'kukwera kamtunda kupita kunkhalango yaing'ono imene mzungu anatisiyira osadula. Kunali koterera. Onyamula ankasinthana pafupipafupi, ndipo wina atagwa ndi bondo anzake anagwira chithatha chisanapendekeke. Amuna anali patsogolo, ife amayi pambuyo, oimba pakati. Mvula inaleka pang'ono, nkhungu n'kutsika kuchokera kuphiri, moti amene anali kutsogolo sitinkawaona, tinkangomva nyimbo yawo. Kumanzere kwathu, pansi, mtsinje unkamveka njira yonse. Ndinaona amayi akutembenukira komweko kangapo.

M'manda munali mutalowa madzi, ndipo anyamata anayamba akapa ndi zipande. Mdzukulu wamkulu uja anatsikira mkati yekha kukalandira mtembo. Anaugoneka m'kachipinda ka m'mbali, mutu kuloza kwawo kumene anachokera, natseka ndi timitengo. Kenako anakwera, matope ali mpaka m'khosi, nandipatsa dothi m'manja kuti ndiponye. Linali lolemera, lomata, ndipo linakana kuchoka pakansanza kaja. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Makasu asanamalize kuunda mtumbira, chitsulo chinalira kufakitale.

Anthu sanathamange, koma sanachedwenso. Anasamba m'manja pamphika wa mankhwala umene unali panjira, anadya kalongonda ndi chinangwa chaimirire, n'kunyamula madengu awo. Pasanapite nthawi mizere ya tiyi ya pamwamba pa mudzi inali itadzaza anthu omwe aja, atawerama, akuthyola. Mwamuna wanga nayenso anapita. Ochokera kutali anatsanzika kuti mdima usawapeze panjira. Ife a pabanja anatiperekeza kukasamba pakasupe, popeza kumtsinje kunali kosayandikika.

Madzulo ndisanalowe m'nyumba ndinatsikiranso pamtunda woonekera mtsinje, ndekha, kukaona ngati madzi ayamba kuphwa. Anali atakwera kuposa m'mawa. Nsungwi za kutsidya zinali zitamira mpaka pakati, ndipo kumtunda kunkachita mdima wa mvula ina. Amayi atandiona ndikubwera sanafunse. Anangoyang'ana nkhope yanga n'kudziwa.

Nyumba inali itakula. Mphasa zobwereka eni ake anali atatenga, ndipo pamene panagona abambo panali posesa, popanda kanthu. Amayi awiri a m'mudzi amene anatsala kudzatigoneka anali atagona kale ndi kutopa. Kunja kunatsala mafuwa akuda ndi masamba a nthochi atagwera paphulusa. Amalume anakhala m'khonde pang'ono, kenako anapita kwawo. Ndinayamwitsa mwana n'kumugoneka. Mvula inayambanso, ndipo mphepo yozizira inkalowa pakhomo.

Amayi anali atakhala pafupi ndi moto, akusonkhezera. Anaika chikuni chachikulu, cha mtundu umene umafika m'mawa, ngakhale panalibe chophika. Ndinadzuka kuti nditseke chitseko. Nditangogwira mpiringidzo anandiletsa.

"Chisiye," anatero. "Abwera atanyowa."